Mzime wa Mlongo Wanu

Chikondi cha Hector ndi Serafina chinali cha makombi awiri. Kuchokera ku Rugare, mu mzinda wa Harare, ukwere kombi, minibasi ya m'tauni, utsike, udutse pakati pa ogulitsa tomato, ukwerenso ina ya ku Mabvuku. Hector anayenda ulendo umenewu Lamlungu lililonse kwa zaka ziwiri, mpaka nsapato zake zinatha chidendene mbali imodzi. Anali atatopa. Sikuti anatopa ndi Serafina ayi, koma ndi kudikira, ndi kumakumana pa mjigo ngati anthu akuba, ndi funso la mayi ake la tsiku ndi tsiku loti kodi atsikana ku Rugare anatha.

Lamlungu limenelo anamupeza pa mzere wa madzi, zigubu zinayi zili pamapazi. Ku Mabvuku mipopi inauma kalekale, moti mnyamata wofuna kucheza ndi mtsikana amangofunika kudziwa mjigo umene amatungako.

"Amalume afika," anatero Serafina, moni asanathe n'komwe. "A Lourenço, a ku Tete aja. Abwerera Lamlungu likubwerali."

Hector ankadziwa tanthauzo lake. Bambo ake a Serafina ankamukonda ndithu, koma pa nkhani ya ukwati analibe mawu. Kwawoko mwini mbumba ndi mlongo wa mayi, ndipo mlongo wa mayiyo amabwera ku Harare kamodzi pa zaka ziwiri.

"Wawauza za ine?"

"Ndawauza. Akuti ulembe kalata, ya m'Chichewa. Akuti mdzukulu wa ku Malawi amene sangathe kupempha mkazi m'chiyankhulo cha agogo ake ndiye kuti alibe kwawo, ndipo iwo mbumba yawo sapereka kwa munthu wopanda kwawo."

Zonsezitu ankayankhulana m'Chishona, ine ndikungokumasulirani. Agogo ake a Hector anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, koma Chichewa chinafika pa iye chitatha ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri. Kutchalitchi ankamva zonse, nyimbo ankayimba bwinobwino. Koma akati atsegule pakamwa anene za mumtima mwake, chimatuluka ndi Chishona.

"Akapita osakuona ndiye kuti zaka zina ziwiri," anatero Serafina akukankha chigubu ndi phazi. "Ine ndatopa, Hector. Sindikukuopseza, ndikungokuuza kuti ndatopa."

Nthawi yomweyo anatulukira Charmaine akukankha wilibala. M'nyumbamo Serafina ndiye anali chisamba, Charmaine mzime, pakati pawo anyamata awiri amene anapita ku Joni. Mzimeyu chibadwire ankafuna chilichonse chimene mkulu wake wagwira, kaya nsapato, kaya mafuta odzola.

"Alamu, mwabwera kudzatinyamulira zigubu kapena kudzationera?" anatero akumuchotsa kaulusi pa kolala, kaulusi kamene panalibe. "Malaya awa akukhalani bwanji. Anakusankhirani ndani?"

Hector anaseka pofuna kungodutsa. Serafina sanaseke.

* * *

Lachiwiri masana ananyamula laputopu yake yakale kupita ku Glen View kwa Knowledge, mnzake wa kusukulu, amene anali ndi sola padenga ndiponso mutu wa makompyuta. Hector anali atayesa kale yekha kutsegula tsamba la makina aja oyankha ngati munthu, amene anthu amangoti AI. Tsambalo linkangozungulira, bandulo n'kutha, laputopu ili kutentha ngati simbi.

"Gogo wakoyu masamba okongola sangawathe," anatero Knowledge akuipukuta fumbi. "Tiika pulogalamu ya pa windo lakuda. Mulibe zithunzi, mulibe mabatani. Umangolemba lamulo, iyo n'kuyankha. Data imadya pang'ono zedi."

Anatsegula kawindo kakuda bii, mkati muli kamzere koyera kamene kamaphethira. Analemba mzere umodzi wachingerezi, n'kudina. Panatuluka zolemba zofiira.

"Yakana?"

"Ikuti pali pulogalamu ina imene iyenera kukhalapo kaye. Ili ngati amalume a Serafina aja, siilola kuti ungolowa."

Anaika inayo. Inatenga theka la ola, kamzere ka madontho kakukwawa pa sikirini, kenako intaneti inaduka katatsala pang'ono kufika kumapeto. Anayambiranso. Hector anakhala pa mpando wa sofa wosamalizidwa umene unali pakhonde, mutu uli m'manja. Atamuuza kuti alembe pasiwedi, analemba koma pa sikirini sipanaoneke kanthu.

"Kiyibodi yafa," anatero ndi mawu a munthu amene zonse zamuthera.

"Siinafe, mnzanga. Imabisa dala. Lemba mwachikhulupiriro, udine."

Kenako panafunika kiyi. Sanali kiyi wa chitseko, koma chingwe chachitali cha zilembo ndi manambala chimene eni makinawo amapereka kuti adziwe amene akugogoda. Kiyiyo anabwera pa foni, ndipo anachita kumukopera pamanja, chilembo chimodzichimodzi. Kawiri konse windo linakana, chifukwa Hector ankawerenga ziro ngati chilembo cha O. Kachitatu linangokhala chete, ndipo Knowledge anati kukhala chete kumeneko ndiye kuvomera kwake.

"Tiyese," anatero akudzikokera laputopu. Anayamba kulemba akumwetulira yekha. "Ndiifunse za mlamu wako uja. Mtsikana wa ku Mabvuku, gotwe wa m'nyumba mwawo, amalume ake a Lourenço. Osatchula dzina, angandisumire. Indipatse moni woti aseke."

"Charmaine umusiye, adzakudya wamoyo," anatero Hector maso ali chotsinzina.

Mawu anayamba kutuluka okha pa windo lakuda, mzere ndi mzere. Knowledge anawerenga, n'kuseka, n'kutseka laputopu. Akumuperekeza ku kombi anamulembera pa kapepala lamulo lofunsira makinawo, n'kumuchenjeza kuti funso lizikhala pakati pa timakutu tiwiri tija timaikidwa pa mawu a munthu m'zolemba, kotsegulira ndi kotsekera. Ananenanso kanthu kena, koti pulogalamuyi imakumbukira zimene mwakambirana, ndiye ukafuna nkhani ina uziyamba walemba liwu loyambitsira macheza atsopano. Koma kondakitala anali akufuula, mpando unatsala umodzi, ndipo Hector anangogwedeza mutu ngati wamva.

* * *

Lachitatu magetsi anabwera cha m'ma teni m'mawa, zimene ku Rugare n'zosowa. Hector anakhala patebulo, n'kulemba lamulo lija mosamala. Anapempha m'Chingerezi kuti makinawo amulembere kalata ya m'Chichewa chakuya, yaulemu, yopita kwa amalume a mtsikanayo, a Lourenço, yopempha ukwati. Anadina.

Palibe chinachitika. Kamzere kanangotsikira pansi n'kumaphethira. Anadinanso, kanatsikanso. Anakhala mphindi khumi akuyang'anizana ndi windolo, aliyense akudikira mnzake, mpaka anaona kuti waiwala kakhutu kotsekera. Makinawo ankayesa kuti sanamalize kuyankhula. Atakaika, kalata inayamba kutsika.

Abale, inali kalata. Inayamba ndi kugwada, inapepesa chifukwa chobwera ndi pepala m'malo mwa akuluakulu, inatchula Dedza ndi njanji monga anaiuzira. Pakati pake panali mzere umene unamugwira mtima: "Maso anga agwera pa mzime wa mlongo wanu, ndipo mtima wanga wakana kuyang'ana kwina."

Mzime. Liwuli anali asanalimvepo, koma linamukomera m'kamwa. Anaganiza kuti ndi mzimayi m'Chichewa cha akuluakulu, monga mmene Ashona amanenera kuti mudzimai. Ndiye chimene ankafunacho, mawu oti amalume akawerenga adziwe kuti mnyamatayu ali ndi mizu. Kumunsi kwa kalatayo makinawo anawonjezera m'Chingerezi kuti Chichewa chawo chikhoza kuphonya, ndipo ndi bwino kuti munthu wamkulu wodziwa chiyankhulocho aiwerenge isanatumizidwe.

Munthu wamkuluyo anali pomwepo. Mayi ake, a Rebeka, anali pakhomo akusankha nyemba m'lichero, ndipo ankamuyang'ana akukopera kalatayo pa pepala ndi cholembera chabuluu.

"Ukulembera anthu a ku Tete aja?"

"Eya, mayi."

"M'Chichewa? Iwe?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Bweretsa ndione. Ungakatichititse manyazi kwa eni ake."

Hector anaphimba pepalalo ndi mkono. Ankawadziwa mayi ake. Akanawerenga mokweza, n'kufunsa kuti Chichewa chotere wachitola kuti, kenako n'kuyambanso nyimbo yawo ya mtsikana wina wa m'kwaya amene amakhala nyumba yachitatu, woti safuna makombi awiri.

"Ndamaliza kale, mayi. Zili bwino."

"Chabwino. Safunsa anadya phula," anatero mayiwo, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Anapinda kalatayo katatu, n'kuiika mu envulopu, n'kumata ndi malovu.

* * *

Lachinayi anakumana m'tauni pokwerera makombi a ku Mabvuku. Serafina anailandira envulopuyo ndi manja awiri, n'kuitembenuza.

"Wamata? Ine osawerenga?"

"Ndi ya amalume. Ukawerenga iwe ithera mphamvu."

"Walemba wekha?"

Apa m'pamene Hector akanatha kunena zoona, ndipo Serafina mwina akanangoseka. Koma mtsikanayo ankamuyang'ana ndi maso amene anali asanawaone kwa miyezi, maso opanda kutopa, ndipo iye sanafune kuwazimitsa.

"Ndi dzanja langali," anatero, akudzitonthoza kuti si bodza lenileni.

Serafina anaiika envulopuyo mkati mwa bulauzi. Anaisunga chomwecho ulendo wonse wa ku Mabvuku, n'kukaipereka yekha kwa amalume ake atagwada.

Lachisanu madzulo foni ya Hector inalira kawiri. Uthenga woyamba unali wa Serafina: "Awerenga kawiri. Aitana mayi kuchipinda, akambirana nthawi yaitali. Akuti ubwere mawa masana. Mayi akungondiyang'ana modabwitsa, sakuyankhula. Mwina ndi chisoni choti ndichoka."

Wachiwiri unali wochokera pa nambala imene sanaisunge: "Alamu, sindinkadziwa. Bwanji simunanene kale?" Kumapeto kunali kamtima kofiira. Hector anaganiza kuti ndi zibwana za Charmaine za masiku onse, ndipo sanayankhe.

* * *

Loweruka anavala jekete la malemu bambo ake ngakhale kunali dzuwa loswa mtengo. Anafika ku Mabvuku thukuta lili kamukamu. Panja pa nyumba panali zigubu zopanda madzi zitandandalikidwa kukhoma. Serafina anamulandira pageti, atavala chitenje chatsopano.

"Usaope," ananong'ona. "Kuyambira dzulo akungoyimba nyimbo."

A Lourenço anali munthu wamfupi, wa imvi za m'mbali, magalasi atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anakhala pa mpando waukulu wa pabalaza, umene masiku onse umakhala wa mwini nyumba. Bambo ake a Serafina anali atapezeratu chifukwa chopitira kwa anzawo. Mayi ake anakhala pamphasa pakona, maso ali pansi.

Hector anagwada, n'kupereka moni amene anayeserera m'kombi monse. Anatuluka bwino. Amalumewo anagwedeza mutu, n'kutulutsa kalata ija m'thumba la malaya.

"Mnyamata, ine ndayenda. Ndaona ana a kuno akulephera ngakhale kunena kuti zikomo. Ndiye nditawerenga izi ndinati, ayi, ku Dedza kunachoka anthu." Anaiwongola kalatayo pabondo. "Poyamba ndinadabwa, chifukwa ine ndinamva zina. Koma mwamuna amadziwa yekha kumene mtima wake wagwera, ndipo iwe walemba mosabisa. Kudumpha wamkulu si chinthu chopepuka. Tikambirana zimenezo, pali kapepeso kake. Achemwali, muitaneni mwanayo."

Hector sanamvetse bwino za kudumphazo. Anatembenukira kukhomo la kukhitchini kumene Serafina anaima ndi thireyi ya makapu, akudikira kuitanidwa. Koma mayi aja sanayang'ane kumeneko. Anaitana chakuchipinda, ndi mawu otsika.

"Charmaine."

Katani inasuntha. Charmaine anatuluka atavala chitenje mpaka kumapazi, duku kumutu, iye amene chibadwire duku ankati ndi la agogo. Anagwada pafupi ndi amalume ake, manja ali pamiyendo.

"Amalume," anatero Serafina. "Mwaitana Charmaine?"

"Ndaitana amene wapemphedwa." A Lourenço anakweza magalasi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. "Maso anga agwera pa mzime wa mlongo wanu, ndipo mtima wanga wakana kuyang'ana kwina. Mlongo wanga ndi uyu. Mzime wake ndi mmodzi."

Hector ankayang'ana nkhope imodzi ndi inzake, akudikira kuti wina aseke. Serafina anatula thireyi pansi bwinobwino, ngati muli mazira. Atayankhula, anayankhula m'Chishona, chiyankhulo chawo cha pa mjigo.

"Mzime ndi gotwe, Hector. Mwana womaliza. Ine ndine woyamba."

Pamenepo m'pamene zinamubwerera zonse: khonde la ku Glen View, Knowledge akumwetulira pa laputopu, gotwe wa m'nyumba mwawo, ndi mawu aja a pa kombi oti pulogalamuyi imakumbukira. Makinawo sanalakwe kanthu. Anauzidwa Lachiwiri za mtsikana mmodzi wa ku Mabvuku, ndipo Lachitatu atamva mawu oti mtsikanayo, anadziwa kuti ndi yemweyo. Hector anamva manyazi ndiponso mantha, chifukwa anaona maso a Serafina akubwerera ku kutopa kwawo kwakale.

Anayamba kufotokoza. Ananena za laputopu, za windo lakuda, za mnzake wopusa, za liwu limene analiyesa mzimayi. Mawu ankangothamangitsana, ndipo onse anali a Chishona.

A Lourenço anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Kenako anatembenuzira khutu kwa iye.

"Sindikumva, mnyamata. Chishona ndinachisiya pa malire. Nena m'chiyankhulo chimene unalembera."

Hector anafufuza m'mutu mwake. Munali nyimbo za kutchalitchi, moni wa m'mawa, mayina a ndiwo. Anatola chimene anapeza.

"Ndalakwa. Ndikhululukireni."

"Walakwa chiyani? Funso langa ndi limodzi. Kalata iyi unalemba ndiwe?" Amalumewo anaikweza m'mwamba. "Ngati unalemba ndiwe, wapempha mzime, ndipo ine ndamva. Ngati sunalembe ndiwe, ndiye kuti wandituma kuwerenga mawu a munthu wina kawiri konse, ine n'kumayimba nyimbo. Munthu wotero alibe kwawo, ndipo pakhomo pano satengapo woyamba kapena womaliza."

Hector anayang'ana Serafina. Ankafuna kuti amuthandize ngakhale ndi diso lokha.

"Unati ndi dzanja lako," anatero Serafina motsitsa. "Ndinakufunsa, Hector. Ndinainyamula pamtima kuchokera m'tauni."

Sanadikire yankho. Anadutsa pakati pawo, n'kutuluka. Panja panamveka zigubu zikugundana pamene ankazikweza pa wilibala, kenako kulira kwa tayala lopanda girizi kukutalikira cha ku mjigo. Hector anafuna kudzuka, koma a Lourenço anatambasula dzanja kuti akhale pomwepo.

"Sitinathe. Poti iwe pakamwa pauma, timve mbali inayi." Anatembenukira kwa mzime uja. "Iwe Charmaine, mnyamatayu ukumudziwa?"

Charmaine anakweza maso pang'ono. Sanayang'ane amalume ake, anayang'ana kolala ya Hector.

"Ndikuwadziwa, amalume," anatero m'Chichewa chosalala bwino. "Ndipo ine sindikukana."

A Lourenço anapinda kalata ija katatu, momwe Hector anaipindira, n'kuibwezera m'thumba la malaya.

"Basi yanga inyamuka mawa m'mawa," anatero. "Kwathu ndikanena zimene zalembedwa."